Ndime ya Teodora Tsiku Limene Anthu Atatu Adalowa Kuseri kwa Mwezi

1. Pakhonde la apulofesolo

Chaka cha 1968 mvula idayamba bwino ku Angónia. Pofika sabata ya Natale, Khirisimasi ya kuno, chimanga chidali cha m'mawondo, udzu nawo uli pomwepo, kulimbirana nacho malo. Nyengo yotero munthu wanzeru maso ake amakhala pansi. Koma Teodora, mwana woyamba wa a Cacilda, wa zaka khumi ndi zinayi, maso ake adali kumwamba.

Zidayambira pakhonde la apulofesolo Caetano, amene ankamuphunzitsa kwarta kalasi, kalasi yachinayi, ku Fonte Boa. Iwo adali ndi ladiyo ya mapilya, yoyendera mabatire, ndipo Chingerezi ankachimva chifukwa adakulira ku Dedza. Sukulu idali itatsekera, koma ana pakhondepo sankachoka. Kukatunga madzi kutali, kwa apulofesolo pafupi. Ana ndi choncho.

Loweruka madzulo apulofesolo adachepetsa mawu a ladiyo n'kutembenukira anawo.

"Anthu atatu a ku Amereka anyamuka lero pa fogeti. Fogeti ndi chombo chokankhidwa ndi moto, chachitali kuposa tchalitchi chathuchi. Koma iwo akhala kunsonga, m'kachipinda kochepa ngati nkhokwe. Akupita ku mwezi. Sakatera ayi. Akauzungulira kakhumi, kenaka n'kubwerera."

"Azidya chiyani?" adafunsa Teodora.

"Chakudya chouma cha m'timatumba. Amathiramo madzi n'kumafinyira m'kamwa. Kumeneko kulibe pansi, kulibe pamwamba. Ukasiya lapisi yolembera siigwa, imangoyandama pamphuno pako. Akamagona amachita kusinthana, wina azilondera."

"Nanga kuthengo amapita bwanji?" adafunsa Efigénia, mnzake wa Teodora, amene pakamwa pake padalibe chitseko.

Apulofesolo adatsokomola. "Funso limenelo silibwera pa ezame, mayeso anu aja."

Ana atatha kuseka, iwo adapitiriza, nkhope tsopano ili ndii.

"Poopsa ndi Lachiwiri, nthawi ya meyudiya, dzuwa lili paliwombo, pamene belu la Anjelusi limalira. Adzalowa kuseri kwa mwezi, kumene mawu a ladiyo safika. Ali okhaokha kumeneko adzayatsa moto wa chombo kwa mphindi zinayi. Motowo ukachuluka, akaphwanyika pamwezi. Ukachepa, akhoza kusochera kumene munthu sangawatsate. Ife kuno tidzangodikira kuti timve ngati atuluka."

Teodora adagwira Efigénia padzanja. "Lachiwiri meyudiya tidzakhale pano."

2. Khasu la nyumba

Lolemba madzulo adapeza mayi ake atakhala pamphasa akupeta chimera cha thobwa, khanda la masiku khumi litagona pambali. Bambo ake, a Anselmo, adali ku migodi ya ku Joni kuyambira nthawi yokolola.

"Mawa kuli dima kumunda kwa a Venâncio," adatero a Cacilda osakweza mutu. "Upita ndiwe."

"Mawa, mayi? Koma mawa anthu aja..."

"Anthu ati?"

"A ku mwezi."

"Ndi a mudzi uno? Abwera kudzapalira kwathu Lachisanu?"

 A Cacilda adaika lichero pansi.

"Tamvera, ndipo ndinena kamodzi chifukwa msana ukundiwawa. Dima si phwando. Nyumba iliyonse imatumiza khasu limodzi, lero munda wa uyu, mkuja munda wa uyo. Nyumba imene khasu lake silinaoneke, kapena lathawa ntchito isanathe, tsiku lake likafika imamwa yokha thobwa lake. Palibe amene amakukalipira. Sabwera basi. Bambo ako ali pansi pa nthaka ku Joni. Ine ndikawerama mutu umazungulira. Khasu la nyumba ino chaka chino ndiwe. Tsiku lathu ndi Lachisanu, ndipo chimerachi n'cha anthu omwewo. Akapanda kubwera, udzu udya chimanga chija ife tikuona. Nkhokwe ikadzakhala pululu, udzatiphikira mwezi wakowo?"

"Ndikatsiriza msanga ndime yanga, ndingapite?"

"Ndime yako siithera pamene mizere yako yathera. Ukatuluka, usaponye khasu. Umayang'ana amene watsalira, n'kukayamba mzere wake kuchokera kumapeto, mukumane pakati. Timati kuchingamira. Thobwa satsegula mpaka khasu lomaliza litatuluka m'munda. Wamva?"

"Ndamva, mayi."

"Kumva umamva. Tione mawa. Ndipatse mwanayo, wadzuka."

3. Khovani

Lachiwiri kudacha kuli nkhungu m'madambo. Makasu adasonkhana khumi ndi awiri. A Venâncio, mkulu wa makutu oboola monga Angoni akale, ankagawa ndime ndi ndodo yawo, munthu aliyense mizere inayi, yaitali kutsetserekera kudambo.

"Khasu la a Cacilda lafika!" adafuula ataona Teodora. "Koma khasulo ndi lalikulu kuposa mwini wake. Iwe ndiye uja umadziwa za azungu opita kumwezi? Ukawauze asakaupendeketse, mvula yathu ingatayikire kwa ena."

Amayi adaseka. Kumanzere kwa Teodora kudaima a Carlota, mayi wamasiye wa chifuwa chosatha, amene analibe mwana woti n'kumutuma.

"Akazi awo awalola?" adafunsa a Carlota akumanga kapulana m'chiuno. "Ine wanga akanati akupita kumwezi, ndikanamubisira nsapato."

Nyimbo idayamba, makasu n'kugwa pamodzi. Teodora adali atawerengera kale. Kuchokera kumundako kukafika kwa apulofesolo, munthu wothamanga akanafika madzi a pamoto asanawire. Chofunika kudali kutuluka belu lisanalire.

Mzere woyamba adaulima bwino. Pa wachiwiri adayang'ana dzuwa, mtima n'kuyamba kufulumira kuposa manja. Apa ndi pamene nzeru yoipa imabwera, ndipo imabwera yooneka bwino. Adaona kuti akangokokera dothi pamwamba pa udzu osaudula, mzere ukuoneka woyera chimodzimodzi. Adayamba kuuluka. Posakhalitsa adasiya amayi akuluakulu kumbuyo.

"Mdzukulu! Tabwera kuno."

A Venâncio adali ataima pamzere wake wachiwiri. Ndi chala chachikulu cha kuphazi adafukula dothi, ndipo padatuluka khovani, udzu woyanga uja wa masamba onenepa, wabiriwiri ngati sanamukhudze.

"Ichi n'chiyani?"

Teodora adayang'ana pansi.

"Sindikukalipira, pakuti aliyense pano adayesapo. Koma mvetsa. Khovani sakwiriridwa. Ukamukwirira wamubzala, ndipo amakuthokoza. Amafuna kumudula, kumukutumula dothi, n'kumugoneka mizu kumwamba kuti dzuwa limuphe. Munda wanga lero ukhala wokongola ngati mkwatibwi, sabata yamawa udzu n'kudzuka wonse. Anthu podutsa adzafunsa kuti mizere iyi adalima ndani. Sadzati Teodora. Adzati nyumba ya Anselmo, munthu amene kuno kulibe kuti adziyankhire. Ine sindidapite kusukulu, koma chombo cha anthu akowo ndikuchidziwa. Chinthu chachikulu chotero sachipanga munthu mmodzi. Ndi dima. Wina adasula chitsulo, wina adasoka malaya, wina adakhoma msomali. Tsono pakhale mmodzi yekha amene adafulumira, msomali wake n'kungoukwirira osaukhoma, iweyo ungakwere?"

"Ayi, agogo."

"Bwerera poyambira."

Adabwerera. Palibe amene adamuseka, kupatula a Carlota amene adati, "Takulandira, ndinayamba kusungulumwa kumbuyo kuno."

4. Belu

Mzere wachiwiri adaulima kawiri. Wachitatu ndi wachinayi adaulima monga mwa malamulo, kudula, kukutumula, kugoneka. M'manja mudatuluka matuza. Komabe mwana ndi mwana, msana wake sudali wofanana ndi wa anthu obereka. Adatuluka kumapeto kwa ndime yake dzuwa litatsala pang'ono kufika paliwombo.

Efigénia adali pomwepo. Iye adangobweretsera mayi ake madzi, ndipo khasu la kwawo sanali iye.

"Tiye! Watsiriza! Belu silinalire, tikathamanga tikapeza."

Teodora adayang'ana m'munda. Ena adali pafupi kutuluka. Amuna awiri amene adatsiriza kale adali atapita kukachingamira anzawo mbali ya kudambo. Koma a Carlota adali asanayambe n'komwe mzere wawo womaliza. Adali atatsamira mpini, akutsokomola.

"Ena awathandiza," adatero Efigénia. "Anthu kupita kumwezi si za tsiku ndi tsiku. A Carlota amatsokomola tsiku lililonse."

Pomwepo belu la ku misau, kutchalitchi kuja, lidayamba kulira. Makasu onse adaima. Amuna adavula zipewa, amayi adaweramitsa mitu, a Venâncio n'kuyambitsa pemphero la Anjelusi. Palibe amene ankayang'ana mnzake. Kanjira kopita kwa apulofesolo kadali apo, kuseri kwa nthochi, mapazi asanu okha.

Mitambo idang'ambika chakum'mawa, ndipo Teodora adauona mwezi, kachidutswa kotuwa ngati chikhadabo, uli phee masanasana pamwamba pa phiri. Adauyang'anitsitsa ngati angaone kanthu kakuyenda m'mphepete mwake. Sadaone kalikonse.

Pemphero litatha, mawu a a Carlota adamveka, "Ndi anthu atatu aja a mwana uyu, muwatulutse kumene alowako."

"Amen," adayankha anthu, ena akumwetulira.

"Teodora, tiye!"

"Pita. Ukandimvere."

Efigénia adathamanga. Teodora adalavulira m'manja monga amachitira akuluakulu, n'kunyamula khasu. Adayenda mpaka kumapeto kwa mzere wa a Carlota, adawerama, n'kuyamba kulima chobwerera.

Mzerewo udali wa khovani yekhayekha. Ankadula, kukutumula, kugoneka. Kutsogolo ankamva khasu la a Carlota likubwera pang'onopang'ono, likaima, chifuwa, likayambanso. Sadayang'anenso kumwamba. Kudalibe nthawi.

Adakumana kupitirira pakati, chifupi ndi mbali ya a Carlota. Makasu awo adagundana pa phata limodzi la chimanga. A Carlota adawongoka, adapukuta nkhope ndi nsonga ya kapulana, n'kuomba m'manja mwaulemu.

"Zikomo, Nangozo."

Ilo lidali dzina la mfunda wa bambo ake, limene anthu amathokozera nalo mkazi wamkulu. Chibadwire palibe adamuitanapo choncho.

5. Zimene Efigénia adamva

Mtsuko wa thobwa udatsegulidwa pansi pa mtengo wa muwanga. A Venâncio adatunga chikho choyamba, n'kudutsa amuna onse, kukachipereka kwa Teodora.

"Wachingamira womaliza ndiye amayamba. Imwa, usachite manyazi." Kenaka adakweza mawu. "Lachisanu tonse kwa a Cacilda. Amene adye Natale mopitirira muyeso adzitsitsimutse Lachinayi. Sindifuna kumva za mutu."

Chikho chisanazungulire kawiri, padatulukira apulofesolo Caetano akukankha njinga, ladiyo ataimanga kumbuyo ndi luzi. Efigénia ankabwera pambuyo, milomo ataitulutsa.

Teodora adadzuka. "Wamva chiyani?"

"Shwaaa."

"Chiyani?"

"Shwaaa basi! Ndathamanga mpaka kugwa pamwala, ona bondo ili, kukangomva shwaaa, ndi mzungu wina wolankhula m'mphuno kuti tidikire. Apulofesolo akuti khalani chete. Chete wa chiyani poti palibe chikumveka? Ndakhala pamenepo mpaka mwendo kuchita dzanzi."

"Nanga anthuwo?"

"Atuluka," adatero apulofesolo, nkhope yonse ili mano okhaokha. "Atuluka onse atatu, ndipo akuzungulira mwezi tikunena pano. Nditamva mawu awo ndinadumpha mpaka kugwetsa mpando."

A Carlota adalulutira. Amayi ena adalandira nthungululuyo, ngakhale amene m'mawa ankati zonsezi ndi bodza la azungu.

"Akuti mweziwo ndi wotani?" adafunsa a Venâncio.

"Wotuwa. Ulibe mtengo, ulibe madzi. Maenje okhaokha."

"Udzu ulipo?"

"Ngakhale umodzi."

"Ha! Munda wosafuna kupalira, koma wosabala kanthu. Akhale nawo. Patsani apulofesolo chikho."

Apulofesolo adamwa, adapukuta pakamwa, kenaka nkhope idasintha.

"Koma sizinathe. Kufika afika, kwatsala kubwerera. Mawa m'mawa, itangopitirira eyiti koloko, ayenera kuyatsanso moto uja kuseri komweko kuti abwerere kwawo. Ukakana kuyaka, adzazungulira mwezi mpaka mpweya kuwathera. Ndipo Misa ya Natale ikuyamba nthawi yomweyo. Ine ndikutsogolera nyimbo. Teodora ndi Efigénia ali kutsogolo pa kwaya. Mudzi wonse ukhala m'tchalitchi, ladiyo ili yokha kunyumba ngati mwana wamasiye."

Teodora adaika chikho pansi. "Alipo munthu mmodzi amene sapita ku Misa, mayi anga, chifukwa cha khanda."

Apulofesolo adamuyang'ana, kenaka adayang'ana a Venâncio. Ladiyo imeneyo sadaibwerekepo munthu, ngakhale mlamu wawo.

"Mwanayu ndi wosamala?"

"M'mawa ndikanakuyankhani zina," adatero a Venâncio. "Pano ndikuti mupatseni."

6. Mlendo m'nyumba ya a Cacilda

Adafika kunyumba dzuwa litapendeka, khasu paphewa, pamutu atasenza kanthu kokulungidwa m'kapulana ya a Carlota. A Cacilda adali pakhonde akuyamwitsa.

"Ndione manja."

Teodora adatula katunduyo mosamala n'kutambasula zikhatho. Matuza awiri adali ataphulika.

"Uthire madzi amchere. Upweteka lero, mawa uiwala. Ndamva za khovani."

"Mayi..."

"Ndamvanso za a Carlota. Nkhani imafika kuno msanga kuposa ladiyo. Lachisanu abwera?"

"Onse."

A Cacilda adapumira m'mwamba, mapewa n'kutsika. Sadanene kuti wachita bwino. Iwo sadali munthu wa mawu otero. Adangosuntha pamphasa kuti mwana wawo akhale pambali pawo.

"Atuluka, mayi. Anthu aja."

"Hm. Ali ndi mabanja?"

"Apulofesolo akuti onse atatu ali ndi akazi ndi ana."

"Ndiye akaziwo anali kuti pamene amuna awo anali kuseriko?"

"Pa ladiyo, kudikira. Mphindi zoposa makumi atatu osamva kanthu."

"Mphindi makumi atatu." A Cacilda adasinthira khanda ku bere lina. "Ine kalata ya bambo ako ndaidikira miyezi iwiri. Tsiku lililonse amalowa kuseri kwawoko, pansi pa nthaka, ndipo palibe belu limalira kuno kuti atuluka. Ndikuuze, mwana wanga, kudikira sikufuna kukhala pansi. Ukakhala pansi kumakudya. Umagwira khasu, umapeta chimera, nthawi n'kumapita yokha. Efigénia wadikira ndi makutu, wabwerako ndi bondo lotupa. Iwe wadikira ndi manja, wabwerako ndi anthu khumi ndi mmodzi a Lachisanu. Tsono icho wasenzacho n'chiyani? Usandiuze kuti a Venâncio akupatsa dzungu."

Teodora adamasula kapulana. Ladiyo idaonekera, yakuda, ya chogwirira chonyezimira.

A Cacilda adadzidzimuka mpaka khanda kutaya bere. "Mayo! Waba?"

"Andibwereka. Mawa m'mawa ayatsanso moto kuti abwerere, ndipo tonse tikhala ku Misa. Mwatsala ndinu nokha."

"Ine? Ndili ndi thobwa loti ndiphike, matewera oti ndichape. Ndipo Chingerezi ndichimvera kuti?"

"Apulofesolo akuti sichifuna Chingerezi. Kukhala shwaaa. Mukamva anthu akulankhula mokondwa, ndiye kuti atuluka. Mukatero mukaime pachulu paja poonekera pazenera la tchalitchi, mukupize nsalu yoyera. Mukapanda kumva kanthu..."

Sadatsirize. A Cacilda adamudula mawu akuloza ladiyoyo.

"Chotsa chinthu chimenechi pamphasa, mwana angachikodzere. Zamasewera basi. Anthu ali ndi minda kwawo, kukazungulira pamalo popanda ndi udzu womwe."

Teodora adainyamula n'kukaiika pampando wa bambo ake, umene chichokereni iwo padalibe adakhalapo. Adapita kukasaka mchere wa m'manja mwake. Pobwera adapeza mayi ake ataima pafupi ndi mpandowo, khanda lili paphewa, akupukuta fumbi pa ladiyo ndi nsonga ya kapulana.

"Wati akaziwo ali ndi ana angati?"

"Sindinafunse."

"Sufunsa zofunika." Adaika chala pa kabatani kena. "Nsalu yoyera ilipo, ija ya ubatizo. Tabwera kuno. Chimayatsidwa pati?"